Thumba la Mbatata ku Matundo

Ine ndi malemu mkazi wanga tinkakhala ku Matundo, khoma limodzi ndi banja lina lochokera ku Tsangano. Bamboyo anali atachotsedwa ntchito yoyendetsa kamiyau, lole ya malasha, ku Moatize, ndipo mayiyo ndi amene ankadyetsa banja pogulitsa mbatata kumsika wa kutsidya kwa mtsinje. Masiku ena tinkamva mbama kuseri kwa khomalo, ndi kulira kotseka pakamwa.

Mowa sankamwa bamboyo. Mkazi wanga ndi amene anaona kuti ankamenya tsiku limene mayiyo watsika chapa, minibasi ya kumeneko, ndi thumba lodzaza mbatata, n'kudutsa pamtengo pomwe bamboyo ankasewera bawo ndi amuna anzake. Amunawo ankakuwa kuti, "Achimwene, abwana anu afika, kawateketseni madzi osamba!" Bamboyo ankaseka nawo, mano okha. Manyaziwo ankawasunga mpaka atatseka chitseko.

"Mawa mudzandichingamire pa chapa," anandiuza mkazi wanga. "Ndipo tayi musavule."

Ndinapita. Anandisenzetsa beseni la tomato pamutu, iye n'kumayenda patsogolo manja ali lendelende. Pamtengo paja, pomwe ankanditchula Adotolo chifukwa cha tayi, bawo inaima.

"Adotolo adyetsedwa mankhwala!"

"Eya, alamu," anayankha mkazi wanga, "ndinathira masupuni awiri. Akazi anu akafuna, abwere ndiwapatseko."

Anaseka mpaka wina kugwa pa mpando. Tinapitiriza tsiku ndi tsiku, ndipo chipongwe chonse chinasamukira kwa ine.

Madzulo ena bamboyo anandipeza ndikudikira chapa.

"Achimwene, akamakunenani simumva kuwawa?"

"Khosi lokha," ndinatero. "Tomato ndi wolemera."

Kenako anati bambo ake ankanena kuti mwamuna wodyetsedwa ndi mkazi ndi galu wa pakhomo. Anati akagona amaopa kuti mayiyo adzamusiya n'kupita kwa wina wa malipiro. Chapa itafika, ananyamula thumba la mkazi wake, koma paphewa, osati pamutu.

Sizinatheretu pomwepo. Anamenyanso kamodzi, mayiyo n'kuitana ankhoswe, ndipo pamaso pawo ananena kuti dzanja likadzakweranso apita kupolisi. Silinakwerenso.

Mkazi wanga atagonekedwa m'chipatala, awiriwo ankandiperekeza kukamuona. Paulalo ponse, powoloka mtsinje, ankakangana za amene waiwala kuthira mchere m'phala la wodwala, mayiyo mawu ali pamwamba, akumuloza mwamuna wake ndi chala pamphuno, osaphethira n'komwe.