Mizere ya a Eleuterio Ocampos

Ku Villarrica kunalibe munthu woyenda pang'onopang'ono kuposa a Eleuterio Ocampos, mmisiri wa matabwa. Amayi ogulitsa mikate ya chinangwa pamsika ankawaseka.

"Akulu inu, mudzafika mochedwa ngakhale pamaliro anu!"

"Adzandidikira," ankayankha.

Kale, pa nkhondo ya ku Chaco, a Eleuterio ankajambula mapu a mizinga. Ankalemba mizere papepala, uliwonse ndi nthawi yake. Mabomba ankagwa pamzere woyamba, kenako n'kusunthira pa wachiwiri, asilikali akutsatira motowo ngati ana pambuyo pa amayi awo. Pofuna kudziwa kutalikirana kwa mizereyo, a Eleuterio anayesa liwiro la munthu poyenda okha pabwalo la msasa, wotchi m'manja, atamwa madzi.

Kunkhondoko kunalibe bwalo. Kunali minga yofika m'chiuno, ndipo anyamata anali atagona ndi ludzu. Moto unapita n'kuwasiya pambalambanda, adani n'kutuluka m'maenje awo.

Chiyambire tsikulo sanagwirenso pensulo. Matabwa ankawalemba ndi msomali.

Atakalamba, kunabwera mayi Saturnina, mlongo wa Crispín, mmodzi wa anyamata amene anafera muminga muja.

"Akuti mapu aja munajambula ndinu. Ndikufuna mafupa a mlongo wanga ndisanafe. Ndijambulireni pamene anagwa."

"Sindigwira pensulo, mayi."

"Gwirani msomali wanuwo. Manyazi a chiyani, ngati ndabwera kudzakufunsirani banja?"



"Pepala linanama kale," anatero a Eleuterio. "Ndikuperekezani."

Anakwera sitima ya pamtsinje, kenako lole. Ngalande imene anyamata ananyamukira anaipeza itatsala pang'ono kukwiririka. A Eleuterio anali atakana madzi chiyambire dzulo lake. Anatulutsa wotchi, n'kulowa muminga.

"Fulumirani, bambo, dzuwa latipha!"

"Anyamata aja ankayenda chonchi."

Mayi Saturnina anawatsatira pambuyo. Wotchi itafika pamene moto unawasiyira anyamata aja, a Eleuterio anaima.

"Tikumbe apa."

Fosholo inagunda botolo lachitsulo, ladzimbiri. Pansi pake panali mafupa, ochuluka kuposa a munthu mmodzi.

"Nanga ake ndi ati?" anafunsa mayiyo.

"Sindikudziwa. Pamapu panalibe mayina."

Mayi Saturnina anavula nsalu ya paphewa n'kuiyala pansi.

"Ndiye titenga onse."

A Eleuterio anagwada n'kuyamba kutola. M'makutu mwawo mizinga inkapitabe kutsogolo, osadikira munthu.