Ndege ya Che Sumaila

Che Sumaila ankasula zitini pakhonde la sitolo ya Jayantilal, kufupi ndi mlatho wa Lilongwe. Ndowa, mbaula ndi makoloboyi ndizo zinkawadyetsa. Anthu akamakangana za Chitaganya pamsika, iwo ankangokhoma nyundo.

Chaka chilichonse, dzuwa likapsa ndipo nyenje zikayamba kulira, ankasula chinthu chosagulitsa: kandege ka chitini kokhala ndi timabwato tiwiri m'malo mwa mateyala, dzuwa lofiira pamapiko. Mvula yoyamba ikagwa, ankakaphwanya.

Ndege yotereyi anaiona kamodzi kokha ali msilikali wa Keyala pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, paulendo wapanyanja wopita ku Burma. Inali ya Ajapani. Sinaponye bomba, inangozungulira, kuona, n'kubwerera. M'mawa mwake sitima imene munali mphwawo inamizidwa. Manda panalibe. Nkhondo itatha, akuluakulu anawauza kuti zida za adani zatenthedwa zonse, koma iwo sanaone phulusa lake. N'chifukwa chake ankaiphwanya okha. Mkazi wawo, Kulusumu, ankati sadaka imene ankachitira malemuyo inali yokwanira, koma sankawaletsa.

Chaka china, mitambo itayamba kusonkhana chakummawa, kunabwera wansembe wachifalansa kudzagula ndowa. Ataona kandegeko anamwetulira ngati wakumana ndi mbale wake. Anati asanakhale wansembe anali msilikali wapamadzi ku Saigon, mzinda wakutali umene Afalansa ankalamulira, ndipo ndege zimenezi Afalansawo anazitola Ajapani atagonja, nafafaniza dzuwalo, napaka chizindikiro chawo. Zinawatumikira bwino pozonda m'mitsinje.

"Ndiye kuti sizinapse, Bambo?" anafunsa Che Sumaila.

"Kutentha chinthu chabwino chotero? Inu chitini mumataya?"

Che Sumaila anayang'ana mulu wa zitini zawo zakale. Chitini sankataya.

Wansembeyo anapempha kuti amugulitse kandegeko, koma atakapaka mitundu ya kwawo. Iwo anati abwere Lachisanu.

Anakasunga pansi pa benchi, akumakatulutsa n'kukabweza. Akanatha kukaphwanya n'kunena kuti kagwa. Koma tsopano ankadziwa kuti zaka zonsezi nyundo yawo inkagwera pa chitini chabe, pomwe ndegeyo inali kuuluka kwina, ikuzondera anthu ena abale a anthu ena.

Dzuwa lofiira sanalipale. Anangopaka mitundu ya kwawo kwa wansembeyo pamwamba pake, monga mmene Afalansa aja anachitira, ndipo Lachisanu anakapereka.

Mvula inagwa Lamlungu, ya mphepo, n'kugwetsa mango osapsa. Chaka chotsatira nyenje zinalira, iwo akukhoma ndowa.