Alamu anga aphunzira magiya

Loweruka m'mawa, ndisanamwe ndi tiyi yemwe, foni inalira. Anali alamu anga, akazi a achimwene.

"Mlamu, muli pa shifiti lero?"

"Ayi, ndili pa ofu."

"Ndiye bwerani ku Wigston ndi galimoto yanu. Lero tikuitulutsa. Muzidzatitsata pambuyo, kuti ikatifera panjira tisasowe wotithandiza."

Sindinafunse kuti akutulutsa chiyani. Aliyense wa kwathu amene timapemphera naye kuno ku Leicester akudziwa za galimoto ya achimwene anga a Lameck. Ena amaidziwa chifukwa anaiona. Ambiri amaidziwa chifukwa anaiseka.

Achimwene anayendetsa mabasi mumzinda uno kwa zaka zambiri. Chaka chija timu ya mpira ya kuno inadabwitsa dziko potenga ligi, anthu akuvina m'misewu, iwo anali pa famu ina cha ku Melton akukweza chiphapha cha galimoto pa lole. Kanali kagalimoto ka Chingerezi ka m'ma 1960, ka mipando iwiri, kopanda denga, ka dzimbiri lokhalokha. Nkhuku za pa famupo zinkaikiramo mazira. Ukakhala pampando unkaona udzu pakati pa mapazi ako.

Nditakaona ndinafunsa zimene Mmalawi aliyense angafunse. "Achimwene, ichi n'chachiyani? Alendo akhala pati? Thumba la ufa muika pati?"

Anaseka. "Iwe Esinati, moyo wanga wonse ndayendetsa chinthu chachikulu ngati nyumba, choima pa siteji iliyonse munthu akangodina belu. Ndikufuna kanthu kakang'ono kosaimira munthu."

Anachita lendi garaja kuseri kwa nyumba za m'dera lawo, n'kuyamba. Kuwotcherera anaphunzira ku sukulu yamadzulo. Zina ankaonera pa foni, zina ankafunsa azungu achikulire amene amasonkhana ndi magalimoto awo akale Lamlungu. Sankafuna kuti kangobwerera mmene kanatulukira ku fakitale. Ankafuna kaoneke ngati magalimoto a mpikisano a makedzana. Anachotsa mabampa. M'malo mwa galasi lalikulu lakutsogolo anaika timagalasi tiwiri tating'ono ngati sosala. Boneti anaimanga ndi lamba wachikopa. Mateyala ake anali a masipoko ngati a njinga. Penti anasankha yobiriwira moderako, ngati tsamba la mango lokhwima, ndipo pachitseko anajambula bwalo loyera loikapo nambala.

Alamu sankaifuna galimotoyo m'pang'ono pomwe. Matawulo awo onse anada ndi oyilo. Tsiku lina pochokera ku ntchito, kunyumba yosungirako okalamba kumene amagwira, anatsegula uvuni kuti aikemo nkhuku n'kupeza chitsulo cha injini chikuumitsidwa penti. Nkhani imeneyo tinaimva mpingo wonse.

Ntchito itafika pakati, maso a achimwene anayamba kuvuta. Shuga imene akhala nayo kwa zaka inalowa m'maso. Poyamba ankangotalikitsa nyuzi powerenga. Kenako kuchipatala anawauza kuti asagwirenso chiwongolero. Laisensi anabweza, ntchito ya basi inathera pomwepo. Masiku ano amaona kuwala ndi zithunzithunzi za zinthu, koma pakati penipeni pa chimene akuyang'ana pamakhala nkhungu.

Garaja ija inatsekedwa dzinja lonse la chisanu. Achimwene ankangokhala pawindo ndi wailesi. Anthu a kumpingo ankabwera kudzazonda, kupemphera, kusiya zakudya. Pochoka aliyense ankasiya langizo limodzimodzi: "Igulitseni galimoto ija, a Lameck. Izingokupwetekani mtima." Ena ankawonjezera kuti, "Bwanji osangobwerera kumudzi mukapume?" Sankanena mwa nkhanza. Ankanena mwa chikondi.

Achimwene anavomera. Munthu wina wa ku Nottingham analonjeza kudzaiona.

Dzulo lake la tsiku limene wogulayo amabwera, alamu anatenga kiyi wa garaja. "Tiyeni, bambo, tikaipukute. Asaipeze ndi fumbi."

Zimene anaona kumeneko anandiuza okha pambuyo pake. Achimwene sanatenge nsanza. Anangoyamba kuyendetsa manja pa galimotoyo, kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, akutchula chinthu chilichonse ndi dzina lake ngati akuitana ana. Zala zawo zinapeza nati yosamanga bwino. Anapapasa pakhoma, n'kutenga sipanala pamalo pake, n'kuimanga. Nkhope imene alamu anali asanaione miyezi yonseyo inabwerera.

Alamu anatuluka panja n'kuimbira wogula uja. "Pepani, sikugulitsidwanso."

"Amake Tadala, mwatani?" anafunsa achimwene. "Nanga aziyendetsa ndani?"

"Malizani kaye. Za dalaivala tidzaona."

Anaimaliza awiriwiri. Achimwene anali manja ndi makutu, alamu anali maso. Alamu ankawerenga manambala a masipanala, ankagwira tochi, ankatchula mitundu ya mawaya. "Uwu ndi wofiira, uwu wobiriwira wokhala ndi mzere woyera." Mwana wawo Tadala, amene ali ku yunivesite ku Loughborough, akabwera kumapeto kwa sabata ankapeza nyumba ili zii, makolo ake ali ku garaja akukangana za nati.

Koma panali vuto lina. Kuno ku Mangalande, amene anakhoza mayeso pa galimoto ya otomatiki saloledwa kuyendetsa ya magiya. Laisensi ya alamu inali ya otomatiki, ndipo ngakhale galimoto yotereyo ankaiyendetsa mwamantha, kuchoka kunyumba kupita ku ntchito, kuchoka ku ntchito kupita ku msika, basi. Mayi wa imvi zake, wa mawondo odandaula, analembetsa sukulu yoyendetsa galimoto. Ankapita akaweruka, mapazi atatupa ndi kuimirira. Mayeso oyamba analephera, galimoto inawazimira pamtunda n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Analira, n'kulembetsanso. Mwezi wathawu anakhoza.

Ndiye Lowerukalo ndinafika ku Wigston n'kupeza galimoto ili panja, ikunyezimira padzuwa. Makaniko wa m'deralo anali atayiyendera n'kunena kuti ili bwino. Onse awiri anavala zipewa zachikopa ndi magalasi otchinga mphepo ngati a oyendetsa ndege akale. Alamu anamanga mpango wawo wa maluwa pamwamba pa chipewacho. Ndinaseka mpaka kugwira mpanda.

Kenako kuseka kunandithera. Achimwene anapita kuchitseko cha dalaivala, monga mwa chizolowezi cha moyo wawo wonse. Anagwira chogwirira. Anaima pamenepo kanthawi. Kenako anachisiya, n'kuzungulira kutsogolo, dzanja likutsata boneti, n'kukakhala mbali inayo.

"Lizani, amake Tadala."

Injini inatsokomola, n'kubangula. Makatani a nyumba zoyandikana anagwedezeka, anthu akusuzumira.

Tinayenda bwino mpaka pa raundabauti yotulukira m'tauni. Pamenepo galimoto inazima. Magalimoto anayamba kundandana kumbuyo kwanga. Mnyamata wina wa vani analiza hutala. Alamu analizanso injini, galimoto inadumpha ngati chule, n'kuzimanso.

Ine mtima unali m'mwamba, osati chifukwa cha mahutala. Ndimawadziwa achimwene anga. Ndi amene anandiphunzitsa kuyendetsa ku Blantyre, ndipo ndinkabwerako ndikulira. Munthu wosalola kuti giya ilire molakwika pamaso pake. Ndinadikira mkuwo.

Sunabwere. Chimene ndinaona ndili kumbuyoko ndi dzanja lawo likufunafuna, n'kukakhala pamwamba pa dzanja la alamu pa giya. Mitu iwiri ija inayandikana. Injini inalira kachitatu, ndipo kagalimoto kobiriwira kanalowa mu raundabauti mwaulemu ngati mkwatibwi. Mzungu wina wokalamba amene amayendetsa galu wake m'mbali mwa msewu anavula chipewa n'kuchikweza m'mwamba.

Tinalowera njira zing'onozing'ono za kumidzi, cha ku Market Harborough. Dzuwa la chaka chino laumitsa minda moti ukanati ndi kwathu mwezi wa Okutobala. Njira yonse ndinkaona alamu akuyankhula, achimwene atapendeketsa mutu. Ndinamva pambuyo pake kuti anapangana chonchi: achimwene azimvetsera injini n'kumanena nthawi yosintha giya, alamu azinena zimene akuona. "Nkhosa kumanja. Tchalitchi chamiyala. Wa njinga wavala zothina, Mulungu amukhululukire." "Yachitatu tsopano." "Mahatchi awiri, imodzi yoyera."

Ndili m'mbuyomo ndinayamba kuganiza za ife, anthu a kwathu, ndi mmene timadwazikira.

Ine ndine nesi. Ambiri a inu amene mumawerenga tsamba lino ndinu manesi kapena osamalira okalamba. Kusamalira wodwala timakudziwa, ndipo azungu amatiyamikira. Timasambitsa, timadyetsa, timakumbutsa mankhwala, timachezera. Koma tamverani mawu amene amatuluka m'kamwa mwathu wachibale akangodwala.

"Khalani pansi."

"Musavutike."

"Zisiyeni, tichita ndife."

Tsiku loyamba mawu amenewa amakoma. Mwezi ukatha munthu amapezeka kuti m'manja mwake mulibe kanthu. Tamulanda mpeni wa kukhitchini, tamulanda makiyi, tamuchotsa pa kwaya, tamuchotsa pa komiti. Tamusiyira mpando wabwino pafupi ndi hita, ndi rimoti ya TV. Kenako timadabwa kuti bwanji akungowonda pamene akudya bwino.

Kumpingo kwathu kuli mayi wina amene kale mandasi a pa chikondwerero chilichonse ankakazinga ndi iwo. Anadwala sitiroko, dzanja limodzi linafooka. Kuyambira pamenepo timawakhazika kutsogolo, timawapatsira mbale, mandasi timagula kwina. Ndani anawafunsapo ngati angakonde kukanda ufa ndi dzanja latsalalo, wina n'kumakazinga? Ine sindinamvepo.

Ndipo kuno kunja vutoli limakula. Tinabwera kudzagwira ntchito. Timayeza munthu ndi mashifiti. Amene sangathenso kugwira timamuona ngati ulendo wake watha, angotsala kulongedza. Zoti munthu angakhale ndi chinthu chimene amachikonda chabe, chosadyetsa banja, chosamanga nyumba kumudzi, zimatichititsa manyazi. Ali bwino timamuseka nacho. Akadwala, n'choyamba chimene timamuuza kuti ataye.

Musandimve molakwa. Pali zinthu zimene matenda amatenga ndithu, ndipo tisamaname. Achimwene sayenera kugwira chiwongolero, iwonso akudziwa. Sindikufuna kukumana ndi munthu wosaona akuyendetsa pa msewu wa London Road. Koma matenda anatenga maso okha. Manja anatsala, makutu anatsala, mutu wodziwa nati iliyonse unatsala. Zotsalazo tikanazikwirira ndife, ndi mapemphero athu ndi mbale zathu za chakudya.

Alamu sanaphunzire zimenezi m'kalasi. Anangoyang'ana mwamuna wawo n'kufunsa funso limene ife ophunzira za matenda timaliiwala: chatsala n'chiyani, ndipo ine ndiwonjezere chiyani kuti chikwane? Yankho lake linali lowawa, linali kilachi ndi magiya pa msinkhu umene anzawo akuganiza zopuma. Inu amene muli ndi wodwala pakhomo, mwamulanda zingati sabata ino chifukwa chomukonda? Nanga mwamubwezera chiyani?

Tinaima pa kanyumba kogulitsa tiyi m'mbali mwa ngalande ya maboti. Achimwene anatsala pa galimoto, ataweramira boneti, akumvetsera injini ikuzizira. Ine ndi alamu tinakhala pabenchi chapafupi. Alamu ananyamula kapu, n'kusendera pafupi nane.

"Mlamu," ananong'ona, "ndimaiopa galimoto imeneyi. Ilibe denga, ilibe chilichonse, msewu uli pompa. Njira yonse ndimangopemphera. Musawauze."

"Ndamva," anatero achimwene, osatembenuka. "Ndinadziwira pa kilachi. Mwendo wanu wakhala ukunjenjemera kuchokera pakhomo."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndimaopa kuti mubwerera."

Anawongoka, n'kubwera pang'onopang'ono kutsata mawu athu. Anakhala pakati pathu, n'kuvula magalasi aja. M'maso munali monyowa, ndipo sindikhulupirira kuti inali mphepo.

"Amake Tadala, ndayimva ikuyenda. Ndimafuna zomwezo. Ngati mwatopa tiisiye pano, Esinati atitenge, mawa tidzatuma munthu. Zimene mwachitazi zakwana."

Alamu anamaliza tiyi wawo osafulumira. Anaika kapu pansi, anamanganso mpango, n'kuimirira.

"Ndavutika ndi magiya chaka chathunthu kuti ndikakwere galimoto ya mlamu? Dzukani, bambo. Ndipo pobwerera tidzera njira yaitali."