Thukuta la Amayi Anga

Kuzizira kwa ku Mzimba mu Juni si kwamasewera. Aphunzitsi anzanga ankafika pasukulu atavala majuzi awiriawiri, koma ine, chaka chimene msambo wanga unayamba kudumphadumpha, ndinkaima kutsogolo kwa kalasi thukuta lili kamukamu, ndikudzikupiza ndi kope la mwana. Moto unkayambira pachifuwa, kukwera m'khosi, kukathera kumutu. Ndinali ndisanakule kwenikweni, choncho zoti ndi msinkhu sizinandibwerere n'komwe.

Kwathu ndi ku Ntcheu. Kuno ndinabwera ndi ntchito, n'kukwatiwa ndi mwamuna wa ku Edingeni. Tsiku lina tili kumudziko, apongozi anga aakazi anandiona ndikupukuta nkhope anthu onse akuothera dzuwa. Nditapempha madzi anandipatsira m'kapu yofiira yapulasitiki, ndipo nditamwa anakaikoloweka payokha pamsomali. Ulendo wotsatira, kapu yomweyo. Zinandipweteka kwambiri. Munthu ukamatuluka thukuta kukuzizira, anthu amakuganizira chifuwa chachikulu kapena matenda aja, ndipo ukakhala mkazi wobwera amati ndiwe wawabweretsa pakhomo.

Mlamu wanga, mchemwali wa amuna anga, anayesa kundiikira kumbuyo kuti mwina ndikusiya kusamba. Apongozi anakanitsitsa. "Inenso ndinasiya, koma thukuta yayi. Ndinangosiya, mbwenu. Uyu akudwala."

Ndinapita kuchipatala mtima uli m'mwamba. Anandiyeza zonse, osapeza kanthu. Namwino anandiuza kuti mahomoni oyendetsa msambo akuchepa, n'chifukwa chake thupi likumangodziyatsira moto, ndipo akazi sadutsamo mofanana, zina zimatsata kumtundu. Kenako anafunsa, "Nanga amayi anu zinawayamba liti?" Amayi anamwalira kale, komanso ndani amafunsa mayi ake zoterozo?

Ndinaimbira foni mayi anga aang'ono. Anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe, waiwala kansalu konyowa kamene amayi ako ankaika m'khosi popita kudimba? Ife a m'mimba imodzi tonse tinafulumira kusiya, ndipo tinkatentha ngati mbaula!"

Kansaluko ndinakakumbukira. Amayi ankasenza mbatatesi kuchokera kudimba katanyowa, kutilera okha bambo kulibe, ife tikuwanena kumbali kuti ndi aukali. Sanadandaulepo. Ndiye moto wawo womwewo ndi umene unali mwa ine! Ndinalira pang'ono, kenako ndinanyada.

Nditapitanso ku Edingeni ndinapeza apongozi pakhonde akutong'ola chimanga ndi amayi anzawo. Ndinali nditanyowetsa kansalu kanga n'kukaika m'khosi, poyerayera. Ndinakolowola ndekha kapu yofiira ija, kutunga madzi, kumwa theka aliyense akuona. Kenako ndinagwada monga mwa ulemu wake n'kuwapatsira apongozi.

"Amama, kuchipatala sanandipeze ndi matenda. Thukutali ndi lakwathu, anandisiyira amayi anga. Imwani."

Manja onse anaima. Mayi wina wachikulire, maso ali pachitsononkho, ananena chapansipansi, "Inenso linandisuzga chomene, koma ndinkabisa."

Apongozi anaiyang'ana kapuyo nthawi yaitali, ine ndili chigwadire, thukuta likutsika m'masaya, ndipo sindinalipukute dala. Analandira ndi manja awiri n'kumwa mpaka kugugudiza.

"Yewo, mwana wane," anatero.

Atadzuka, sanalowere kumsomali kuja. Kapuyo anakaiponya m'beseni momwe munali makapu ena onse.