Kanyali Kofiira ka Mayi Nkhoma

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha kuchepa kwa manja anga. Pa tchuthi chomaliza giredi 11, amayi anandituma kukasiya vitumbuwa kwa ba Sakala, mkulu wa mpingo wathu amene ali ndi galaji kuseri kwa mafakitale a ku Industrial Area. Ndinawapeza akulimbana ndi kanati ka pa bawuti kamene kanagwera pakati pa injini ndi ladiyeta. Anayang'ana zala zawo zonenepa, kenako zanga.

"Iwe Taonga, ngenesa dzanja apa."

Ndinakatulutsa msanga. Iwo anaseka nati, "Mailo ubwele na ovololo."

Mawa lake ndinayamba. Ntchito yake inali yotsuka zitsulo mu palafini, kuika masipanala m'malo mwake potsata kukula kwake, ndi kugwira tochi pamene iwo ali pansi pa galimoto. Masana kukatentha ndinkakhala pa tayala lakutha n'kumayang'ana utsi wa mafakitale, ndikudziona nditakula, ndili m'ovololo yoyera, ndikukonza injini za ndeke.

Tsiku lina kunalowa galimoto yabuluu, yaifupi ngati yagwada, kulira kwake kosalala ngati njuchi zili mu mng'oma. Ankayendetsa ndi Mayi Nkhoma a ku Kafue Estates. Galimotoyo inali ya amuna awo, amene anamwalira chaka chapitacho, ndipo iwo ankaitulutsa Lamlungu lokha. Vuto linali kanyali kofiira ka pa dashibodi kochenjeza kuti kulanti, madzi oziziritsa injini, yachepa. Kankayaka, n'kuzima, n'kudzayakanso tsiku lina. Koma akatsegula boneti ankapeza thanki ya madziwo ili yodzaza.

Nkhope ya ba Sakala inagwa, ndipo anandifotokozera chifukwa chake. Injini imeneyi ilibe mapisitoni okwera ndi kutsika. Muli zitsulo ziwiri za ngodya zitatu, marota, zimene zimazungulira m'zipinda zake, ndipo pakati pa zipindazo pali masilu a labala otchinga madzi. Masiluwo akaphulika injini imayamba kumwa madzi ake, ndipo muno mu Kafue mulibe munthu woiphwasula n'kuimanganso. Galimoto yotero imakathera kwa ogula zitsulo. Mchimwene wa Mayi Nkhoma, ba Jo, anali atapeza kale wogula wotero, poopa kuti mlongo wawo adzafera pa msewu.

Tinayesa zonse zimene zimayesedwa. Injini itazizira tinamangirira pampu pakamwa pa thanki, n'kupopa mpweya, n'kuyang'anira singano ya geji. Sinatsike. M'mawa mwake tinailiza ine nditagwada kumbuyo, kununkhiza ngati ukutuluka utsi woyera wafungo lotsekemera. Kunalibe. Tinayang'ana mu thanki ngati mukutuluka thovu, tinamasula mapulagi kuona ngati anyowa, tinafinya mapaipi onse ndi kuwalitsa tochi pansi pa pampu ya madzi. Ponse pouma. Kanyaliko nakonso kanangoti zii, ngati mwana wodwala amene amachira akangoona chipatala.

"Ivi sivikwana," anatero ba Sakala. "Pali ming'alu ina imatseguka chabe injini ikapya. Nifuna nikaone kayaka na maso anga."

Loweruka ndilo linali tsiku lovuta. Ba Jo anafika m'mawa nakhala pa benchi, nanena kuti wogula uja abwera ndi lole madzulo, ndipo ngati sitipeza chilichonse nkhani yatha. Mayi Nkhoma anakhala pa chiwongolero, ba Sakala pambali pawo, ine kumbuyo pa kampando kopanikiza, ntchito yanga ili yoyang'anira kanyali osaphethira.

Tinatuluka m'tauni kulowera msewu wa ku Lusaka. Mayiwo ankayendetsa pang'onopang'ono, moti ngakhale minibasi yodzaza inatipitirira. Tinakwera chitunda mpaka pamwamba, kanyali osayaka.

"Amai, kamayaka pati maka-maka?" anafunsa ba Sakala.

"Pa chitunda chija."

"Mumayendesa so pa chitunda?"

Mayiwo anati, "Awe. Paja bamuna banga benze kukonda kuponda."

"Pondani monga beve."

Anatembenuza galimoto, tinabwerera kumunsi, ndipo anaponda. Sindinamvepo chinthu chotero. Injini sinabangule ngati za malole. Inangokwera mawu, kukwera, kukwerabe, ngati woimba wa kwaya amene mpweya sumuthera. Msana wanga unamatirira ku mpando. Mapiri anayamba kuyenda, dambo la mtsinje linang'anima kumbuyo ngati lata latsopano, ndipo kwa kanthawi ndinaiwala kuti ndili pa ntchito. Ndinaona ngati matayala asiya phula. Pagalasi ndinaona Mayi Nkhoma akumwetulira, misozi ili m'masaya.

"Kayaka!" ndinakuwa.

Anaimika pambali pa msewu. Ba Sakala anatsegula boneti nandigwira dzanja ndisanafike pa chivindikiro cha thanki. "Osatsegula yakupya, izakusenda nkhope." Thanki yake ndi ya pulasitiki yoonekera mkati, choncho tinangowalitsa tochi kumbali. Kulanti inali pa mzere wake weniweni wodzaza. Singano ya kutentha inali pakati. Pansi panalibe dontho. Koma kanyali kanali kakuyakabe.

Mayi Nkhoma anaima pafupi nane, manja atapinda. Analankhula motsitsa, ngati akuuza ine ndekha. "Nenze kuganiza ati ni beve, bamuna banga. Nikathamangisa, kayaka. Monga bakamba ati, iwe Loveness, chepesa."

Ndinangogwira tochi.

Titabwerera ku galaji, ba Jo anaimirira. "Shani, yafa?"

"Siinafe. Ni sensa inama."

"Mwaiona na maso?"

Ba Sakala anafotokoza kuti mkati mwa thanki muli kanthu koyandama kokhala ndi maginito. Madzi akatsika nako kamatsika, n'kuyatsa kanyali. Kanamangidwira mkati momwemo, moti kakawonongeka umasintha thanki yonse. Anapempha chilolezo kwa mayiwo kuti aidule. Injini itazizira tinakhuthula kulanti m'beseni, ine ndinamasula makilipi a mapaipi ndi pulayazi, iwo nadula thankiyo ndi sowo. Kanthuko kanatuluka kakuda, kolemera m'manja kuposa maonekedwe ake.

Anakaponya m'chitini cha madzi ozizira. Kanayandama, koma movutikira, kamutu kokha kali pamwamba. Ba Jo anaseka. "Si aka kayandama?"

Ndinayang'ana ku geti ngati lole yafika. Ba Sakala sanatekeseke. Anandituma kukatenga mbaula kwa mayi wogulitsa chimanga chootcha, ndipo tinaika chitini pamoto. Tonse anayi tinazungulira, mitu pamodzi. Madzi atayamba kufuka nthunzi, kanthu kaja kanapendekeka, kanazengereza, kenako kanatsika pang'onopang'ono mpaka kukagona pansi.

"Kamwa manzi zaka zambili, kalema," anatero ba Sakala. "Monga vija voyandama va pa ukonde ku Chanyanya. Manzi akapya amapepuka, elo pampu ikathamanga imakakoka pansi. Injini ilibe mulandu."

Ba Jo anakanda mutu kwa nthawi. Kenako anatulutsa foni napita kuseri kukauza wa lole kuti asabwere. Pobwerera anati, "Nanga bwanji osangochosa waya? Kazazima, basi."

Kunena zoona, nanenso ndinali nditaganiza zomwezo. Thanki yatsopano inali yoitanitsa, yodikira milungu, pamene kuzula pulagi ya sensa n'kwa kamphindi.

"Nikachosa waya, tsiku paipi izaphulika nindani azabauza?" anafunsa ba Sakala. "Iyi injini ikapya kamodzi, yapita."

Thanki inafika tchuthi chili pafupi kutha. Ndinaimanga ndine, ba Sakala akuyang'anira. Tinathira kulanti yatsopano, tinailiza injini mpaka mpweya wonse utatuluka m'mapaipi, n'kuwonjezera pofika pa mzere. Mayi Nkhoma anapita okha ku chitunda. Anabwerako tsitsi litasokonezeka ndi mphepo, nakhala m'galimoto osatsika.

"Sikanayake," anatero. "Manje nindani azanikalipila?"

Ba Sakala anapukuta manja pa nsanza, naweramira pa windo. "Kakayaka futi, amai, imani pamene apo. Apo kazakamba zoona."

Mayiwo anagwedeza mutu, naliza injini, natuluka pa geti mosathamanga.

Ndinabwerera kusukulu zikhadabo zili zakuda, anzanga n'kumandiseka. Chimene ndinatenga ku galaji kuja n'chakuti chenjezo likakhala lonama sulitseka pakamwa, umalikonza kuti lidzathe kunena zoona. Lamlungu tikamatuluka m'tchalitchi nthawi zina ndimamva kulira kosalala kuja kukulowera ku chitunda, ndipo ndimaima kumvetsera mpaka mawu ake atakwera.