Amuna Anga Tinawaika Loweruka Loyera

Malemu mayi anga ankati, "Mwanawe, usadzafe m'Sabata Loyera. Mpingo umakhala uli kale ndi maliro ake." Ndinkangoseka. Amuna anga anatisiya Lachinayi Loyera madzulo, tinawaika Loweruka.

Tsikulo ndinadzuka tambala asanalire, ngati kunali kugona komwe. Pasiwa amayi anali atatopa ndi nyimbo, ena akusinza. Ndinayamba ndasuzumira kuchipinda ngati njinga ndi makasu zinalipo, pakuti abale a amuna anga ochokera ku Chiringa maso awo sanali pabokosi ayi.

Isitala ya chaka chino inafulumira. Inatipeza chimanga chikadali chachiwisi m'munda, mvula isanatsazike. Nkhuni zonyowa, utsi wokhawokha. Ufa unachepa, amayi anangophika maungu ndi kalongonda.

Chimene ndinkadikira ine ndi Misa. Amuna angawo anayimba kwaya kuyambira tili achinyamata, osajomba. Koma dzuwa litakwera kunabwera akatekisiti okha, panjinga, matope mpaka m'mawondo. Anati Loweruka Loyera Misa ya maliro sichitika, Ambuye amakhala ali m'manda, guwa lili lopanda nsalu. Ndinafunsa amene amasankha tsiku la Isitala. Anati limatsata mwezi: ukawala wathunthu chakumapeto kwa Malichi kapena mu Epulo, Lamulungu lotsatira ndiye Isitala.

"Nanga mweziwo ukudziwa kuti thupi silidikira?"

"Agogo, ansembe adzawachitira Misa chikondwerero chikapita. Amuna anu agona m'manda tsiku limodzi ndi Yesu, si mwayi umenewo?"

Za "adzachita" ndazimva zambiri.

Tinanyamuka mitambo itaphimba phiri la Michesi. Anthu anabwera ndithu, koma ambiri mapazi ali kumanda, mtima uli kutchalitchi. Tinapeza adzukulu akukapa madzi m'dzenje ndi chidebe. Akatekisiti anapemphera mothamanga, anawaza madzi odalitsa, mvula n'kuwazanso ake. Nyimbo ya Aleluya imene malemu ankaikonda anaikana, ati nthawi yake sinakwane.

Madzulo amayi amene mwamwambo akanagona nane anayamba kumanga mipango yoyera mmodzimmodzi. "Tikungokayatsa makandulo kutchalitchi, tibwera." Aleluya uja ndinamumvera patali, ndili ndekha pamphasa, chitseko nditachiikira mpiringidzo.

Misa ija mpaka lero. Inu odutsa njira ya ku Fort Lister, nyumba yanga ndi ya mpanda wa nkhadze. Muzigogoda. Mwina sinditsegula msanga, koma muzigogoda.