Mabatire a alamu anga

Dimba langa lili kumunsi kwa nyumba ya mng'ono wanga, kufupi ndi Milepa. Amayi anatigawira malowo asanamwalire: iye kumtunda, ine kudambo.

Masola atachuluka m'mudzi, amuna a mng'ono wangayo anayamba kukonza mabatire akufa. Ankawang'amba kuseri kwa nyumba, kusungunula mtovu m'chitini, asidi n'kumukhuthulira m'ngalande. Mvula itagwa, zonsezo zinatsikira kwa ine. Mpiru unapsa ngati wathiridwa madzi owira. Matimati anafota ali ndi maluwa.

Ndinakwera kumtunda ndili ndi mpiru wakufawo m'manja. Ndinapeza mng'ono wanga akuchapa malaya a amuna ake obookabooka, zala zake zitasupuka. Anali ndi pakati, ndipo utsi wa m'chitini unkalowa m'khitchini momwe ankaphikira. Za mpiru ndinaiwala. Ndinawalalatira alamuwo mpaka oyenda m'njira anaima.

Anandiyankha osadzutsa mutu. "Alamu, ndisiye ndiye anthu atchaje mafoni ndi chiyani?"

Mwana wanga wamkazi, amene amaphunzira sayansi ku Zomba, anabwera patchuthi nkhani ili mkati. Ataona ngalandeyo anati mtovu ukalowa m'dothi suchoka msanga, ndipo umavulaza ngakhale mwana ali m'mimba. Pofuna kundiziziritsa mtima anandiuzanso kuti akatswiri akuyesa mabatire ena otchajanso, okhala ndi madzi m'kati, mbali imodzi ya zinki, chitsulo chomwe chimakutira malata, mbali inayo ya mankhwala ofanana ndi opezeka m'zomera. Amenewo, anatero, sayaka moto ndipo alibe mtovu.

"Ali kuti?" ndinafunsa.

Anati akadali koyesera, chifukwa ambiri amafooka akatchajidwa kangapo. Apa mpamene ndinapsa mtima kwenikweni. Kani odziwa akudziwa kuti mabatire a mtovuwa ndi poizoni, koma amatigulitsabe, ndipo akafa palibe amabwera kudzawatenga.

M'mawa alamu atapita kumsika, ndinabwereka wilibala n'kututa mabatire onse kukawaunjika kumsewu. Atabwera ndinawauza kuti malo ano ndi a amayi, iwo anabwera kudzakwatira, akasungunulire kwawo. Mawu amenewo anawapweteka, ndipo sindinawabweze.

Anapeza kachipinda kumsika, kumene akung'ambirabe mabatire, pafupi ndi amayi ogulitsa mandasi. Mng'ono wanga anakhala osandilankhula mpaka anachira. Mwanayo anabadwa wochepa thupi, ndipo anachedwa kuyenda. Kuchipatala sanatiuze chifukwa chake, koma ine sindinasiye kukayikira mtovu uja.